Lamulungu Limene Nankhoma Anaimba

Sindikumbukira bwino chaka chimene ndinafika ku Japani. Ndimakumbukira mvula yowaza, ndi munthu wodzandichingamira amene anawerama katatu, ine kamodzi. Amene ananditumiza anati ndikaphunzire ntchito ya wailesi ya kanema, popeza kwathu inali pafupi kuyamba. Anati zaka ziwiri. Zaka ziwirizo zinatha, kalata yondiitana sinabwere, ndipo ine sindine munthu wokumbutsa anthu zimene aiwala. Ndinangokhala.

Ntchito yanga yoyamba inali yofufuta. M'chipinda cha pansi pa nyumba youlutsira munali bokosi lachitsulo lokhala ndi maginito. Lolemba lililonse ankanditsitsira matepi a sabata yapitayo, akuluakulu ngati malichero, ine n'kumawalowetsa m'bokosimo imodziimodzi. Bokosilo linkang'ung'udza pang'ono, tepi n'kutuluka yopanda kanthu, yoti ajambulirepo zina. Nkhani, magule, masewero, nkhope za ana opambana mayeso, zonse zinkatha ndisanamalize kupukuta manja.

Mkulu wa amisiri anali a Nagase, bambo wamfupi waimvi, amene ankavala magolovesi oyera pogwira makina. Tsiku lina, nditayamba kutola chiyankhulo chawo, ndinawafunsa ngati palibe amene adzazifune zimene tikufufutazo.

"Anaziona kale," anatero. "Tepi ndi yodula, mphepo ndi yaulere. Chimene tatumiza m'mphepo chafika. Kwanu mukatha kudya, mbale mumaisunga ndi zotsala zake?"

"Timatsuka."

"Ndiye tsuka."

Dziko limenelo limadzuka ndi kanema. Mmawa pakona ya chithunzi pamakhala kawotchi, ndipo anthu amadya, kuvala ndi kusaka makiyi maso ali pakonapo. Kunali sewero lina la mphindi khumi ndi zisanu, lopitirira tsiku ndi tsiku. Poyenda m'kanjira ka kumene ndinkakhala ndinkalitsatira kuchokera pawindo ili kupita pawindo ilo, osaphonya liwu. Likatha, zitseko zonse zinkatseguka nthawi imodzi. Nthaka ikagwedezeka, monga imachitira kawirikawiri kumeneko, munthu sankathamangira panja. Ankayamba wayang'ana kanema kuti amuuze ngati chinalidi chivomezi. Ndinkaona ngati anthu onsewo akudyera m'mbale imodzi, wotsuka wake ndine.

Patapita nthawi a Nagase anandipatsa ntchito yachiwiri, ya singano yoyezera mawu. Kufufuta kwa Lolemba sikunandichoke, popeza panalibe wina wokufuna. Tinali ndi galimoto yaikulu yonyamula makina, imene inkayenda ndi pulogalamu ya Lamulungu masana, sabata iliyonse tauni ina. Anthu wamba, asodzi, aphunzitsi, nkhalamba zoyendera ndodo, ankakwera pansanja kuimba nyimbo imodzi, ndipo munthu wina pambali ankawaweruza ndi belu. Likalira kamodzi, tsika. Kawiri, wayesetsa. Likalira motsatizana wapambana, holo yonse m'manja. Dziko lonse linkadya nkhomaliro likuonera zimenezo.

Ine ndinkakhala m'galimoto kuseri kwa holo, pamaso panga kagalasi kokhala ndi singano. Munthu akakweza mawu, singano inkakwera. Kumapeto kwa kagalasiko kunali kofiira, ndipo ntchito yanga inali yoti singano isakhale kofiirako, chifukwa ikatero mawu amakafika ong'ambika m'nyumba za anthu. Dzanja langa lamanja linkagona pa kabatani kopotokola.

"Usamamvetsere," ankatero a Nagase. "Ukamvetsera, nyimbo ikutenga, dzanja lichedwa. Omvetsera ali kunyumba. Iwe yang'ana singano."

Ndinaphunzira bwino. Ndinkatha kukhala ola lathunthu anthu makumi awiri akuimba, n'kutuluka osadziwa nyimbo ndi imodzi yomwe.

Mkazi wanga Nankhoma anandipeza m'chaka chachitatu kapena chachinayi. Anabwera ndi sutikesi imodzi, zitenje zisanu, ndi mawu ake aakulu, amene makoma opyapyala a nyumba zakumeneko sankatha kuwasunga. Chiyankhulo anachiphunzira pa kanema ine ndili kuntchito. Wowerenga nkhani akawerama, iye ankaweramanso n'kumuyankha moni. Anthu a m'sewero la mmawa ankakangana nawo ngati apabanja.

"Mtsikana uyu ndinamuuza dzulo kuti mwamunayo ndi wabodza," ankandiuza ndikafika. "Samva. Ali ngati inu, a Singano."

Dzinali anandipatsa tsiku limene anabwera kudzandiona m'galimoto, n'kuima kumbuyo kwanga nyimbo zitatu ine osadziwa. Sindinkalikonda, komanso sindinkalikana.

Nthawi ina pulogalamu inafika m'tauni ya m'mphepete mwa nyanja, pafupi ndi kumene tinkakhala. Nankhoma anakalembetsa osandiuza. Ndinaona dzina lake Loweruka papepala la oimba. Anali wachisanu ndi chinayi, pambuyo pa mlimi wina wa mpunga wochokera kumapiri.

"Ukaimba ya kuno?" ndinamufunsa.

"Ya kuno aimba eni ake. Ine ndili nayo yanga, ndinaipeka pochapa."

"Oimba zing'wenyeng'wenye saidziwa."

"Apumeko, atopa. Inu mukamve."

Lamulungu ndinali pamalo panga. Mlimi uja anaimba, singano inayenda pakatikati, belu kawiri. Kenako singano inagona pansi kwa kanthawi, popeza zing'wenyeng'wenye zinali chete, n'kudumpha mwadzidzidzi mpaka kofiira. Dzanja langa linapotokola lokha. Inatsika, inakweranso, ndinaitsitsanso. Ndinaigwira bwino mpaka belu linalira kawiri. A Nagase anandigwira paphewa, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

M'sitima pobwerera Nankhoma anali atavula nsapato, wazigwira m'manja.

"Mwandimva?"

"Singano sinakhalitse pofiira."

"Ndafunsa ngati mwandimva."

"Mawu ako ndi aakulu. Ndinawachepetsa kawiri."

Anaseka mpaka anthu a m'sitimamo, amene sakonda phokoso pagulu, anayang'ana pansi. "Palibe kanthu," anatero. "Ndidzakuimbirani kunyumba, kopanda singano."

Lolemba tepi ya Lamulungu limenelo inatsika pamodzi ndi zinzake. Ndinawerenga zolembedwa pachikuto, ndinadziwa chimene chinali m'katimo, ndinailowetsa m'bokosi. Mwini mawu anali kunyumba akukazinga nsomba. Mbale ndikanaisungiranji? Kunyumbako nyimbo ija sanaiimbe. Makoma anali opyapyala, ine ndinkafika wotopa, ndipo tinkati mawa.

Anadwala m'nyengo yozizira, anamwalira mitengo ya m'misewu isanachite maluwa. Za matendawo sindinena zambiri. Ndinamutengera kwawo, tinamuika pafupi ndi amayi ake. Nditakhala masabata angapo pakati pa anthu oyankhula chiyankhulo changa, ndinapeza kuti ndilibe chochita kumeneko. Kanema anali asanafikebe. Ndinabwerera.

Nkhope yake ndinali nayo pazithunzi ziwiri. Mawu ndiwo anayamba kuchoka. Poyamba ndinkamumva akuti "a Singano" ndikamatsegula chitseko. Kenako ndinkakumbukira kuti ankatero, koma omveka m'mutu anali mawu anga omwe. Mawu a munthu amatha ngati madzi a mumtsuko wong'aluka. Suona pamene akudonthera, umangoupeza wapepuka.

Lolemba lina a Nagase anandipeza nditaima pafupi ndi bokosi, tepi ili m'manja, osailowetsa. Anavula magolovesi. Ndinali ndisanaonepo manja awo.

"Tepi ija ya m'tauni ya kunyanja," ndinatero.

"Yajambulidwapo zina kakhumi." Anaika magolovesi pabokosi. "Koma masiku amenewo anthu anali atayamba kugula timakina tojambulira kunyumba. Mwina wina anajambula, m'bale wa woimba kapena munthu wosowa chochita. Dziko lino ndi lalitali."

"Ndiyambire kuti?"

"Padenga. Munthu wokonza eriyo ya kanema amalowa m'nyumba iliyonse."

Ndinasiya singano, ndinagula makwerero opinda ndi chikwama cha zipangizo. Ntchito yanga yachitatu inali ya madenga. Mphepo ya m'dzikomo imapotoza maeriyo chaka ndi chaka, ndipo kanema amayamba kuonetsa mchenga wothwanima m'malo mwa anthu. Ndinkakwera, ndinkagwira mlongoti wa eriyo, n'kumautembenuza pang'onopang'ono kuloza kuphiri kumene kuli nsanja yotumiza zithunzi, mwini nyumba ali pawindo.

"Bwanji?" ndinkafunsa.

"Pang'ono."

"Bwanji?"

"Mwapitirira. Bwererani."

Ndikatsika ankandipatsa tiyi wobiriwira, ndipo pa kapu yachiwiri ndinkafunsa funso langa: ngati anajambula pulogalamu ya Lamulungu limene Nankhoma anaimba.

Ndinayambira m'tauni ya kunyanja ija. Fakitale ya nsomba inali itatsekedwa, anthu ambiri atabalalika. Pepala la mayina a oimba linali litatayidwa kalekale, ndipo ine, amene ndinalipo tsikulo, ndinkakumbukira manambala okha. Wometa wina kumeneko anali ndi matepi odzaza mashelefu mpaka kudenga. Anandikhazika pampando wometera, tinaonera masiku atatu. Onse anali a amuna onenepa olimbana m'bwalo la dothi.

"Oimba?" anatero nditamufunsa. "Ndijambule oimba ine? Mkazi wanga amaimba tsiku lonse, ndipo batani lozimitsira alibe."

Nditamuuza chifukwa chake anasiya kuseka. Anandikulunga nsalu m'khosi n'kundimeta mosamala kwambiri, ngakhale anali asanagwirepo tsitsi ngati langa.

Ndinakwera sitima yopita kumpoto. M'mudzi wina wa chipale chofewa, kumene anthu amatuluka m'nyumba pofukula njira ndi fosholo, mayi wina wogulitsa ndiwo zamchere anaika kapu pansi ndisanamalize funso.

"Mayi wakuda uja wa duku? Ndinamuona. Tinali kudya. Apongozi anga anasiya timitengo todyera m'mbale, iwo amene sankasiya ngakhale nyumba ikugwedezeka."

"Munajambula?"

"Ndi chiyani, bambo? Nthawi imeneyo ngakhale firiji tinalibe."

"Nanga mawu ake anali otani?"

Anaganiza. "Aakulu. Ayi, poyamba aakulu, kenako ngati wina wamutsekera chitseko. Anatsegula, wina n'kutsekanso. Tinkati mwina ndi kanema wathu."

Ndinamaliza tiyi. Ndinawauza kuti kanema wawo analibe vuto.

M'tauni ina ya migodi yotsekedwa munkakhala nkhalamba zokhazokha, aliyense m'nyumba mwake, ndipo ankadziwana kuti ali moyo pomva kanema wa mnzawo kudutsa khoma. Mayi wina anandiitanira kwa bambo woyandikana naye, amene kanema wake kuyambira dzulo lake ankangoti waa, wopanda mawu a munthu. Anati bamboyo ndi wamanyazi, sangaitane mmisiri yekha. Ndinagogoda, osayankha. Ndinakwera padenga, ndinatembenuza mlongoti.

"Bwanji?"

Chete. Ndinatembenuzanso, ndipo kudzera m'matailosi ndinamva mchenga ukutha, mawu a wonena zanyengo akutuluka bwinobwino.

"Bwanji?"

Titatsegula chitseko tinawapeza atamwalira, atatsamira patebulo lalifupi, kapu ili pambali, tiyi atauma kale m'katimo. Wonena zanyengo anali kuwauza kuti mawa atenge ambulera.

"Sewero la mmawa linkamveka," anatero mayi uja, atagwira pakamwa. "Sabata yonse linkamveka. Ndiye ine ndinkati ali bwino."

Kumeneko sindinafunse funso langa.

Kamodzi ndinafika pafupi. Mphunzitsi wina wopuma ntchito, munthu wosunga zinthu mwadongosolo, anatulutsa tepi yolembedwa tsiku lenilenilo ndi dzina la tauni ya kunyanja. Tinaiika m'makina. Holo ija inaoneka, nsalu zake zomwezo, woimba woyamba anawerama. Wachiwiri asanakwere, chithunzi chinadumpha, panabwera ana a sukulu ovala zipewa zofiira akuthamanga pabwalo, mpaka tepi kutha.

"Mdzukulu wanga," anatero mphunzitsiyo mopepesa. "Uyo wakugwayo. Matepi anali odula."

"Ndikudziwa," ndinayankha.

Kuchokera pamenepo zaka sindinkaziwerenganso. Matauni anayamba kufanana: siteshoni, msewu umodzi wa masitolo otseka, mtsinje womangidwa ndi simenti, phiri lokhala ndi nsanja. Nthawi zina ndinkafika pamudzi wachilendo galu n'kundigwedezera mchira. Nthawi zina mwini nyumba ankandiuza kuti kale kunabwera munthu wonga ine, anafunsa funso lomwelo kwa bambo ake, koma ameneyo anali ndi tsitsi lakuda. Timakina tojambulira tija tinayamba kuoneka m'mbali mwa misewu, tounjikidwa podikira otaya zinyalala. Makwerero ankalemera chaka ndi chaka. A Nagase ndinamva kuti anamwalira, sindikumbukira anandiuza ndani. Usana wina ndinayesa kukumbukira mmene Nankhoma ankatsokomolera, ndipo ngakhale chimenecho panalibe.

Ndinafika m'chigwa china chakumapiri m'nyengo yokolola, koma minda yambiri ya mpunga inali thengo. Mudziwo unali ndi nyumba makumi atatu, zofuka utsi zinayi. Pa yomalizira panali mayi wokalamba, wopindika msana, amene anati dzina lake ndi Kuroki. Anati kanema wake wachita mchenga mwezi wathunthu, ndipo akufuna aoneke bwino lero lokha. Pakhonde panali makatoni omangidwa ndi zingwe.

Ndinakwera, ndinagwira mlongoti.

"Bwanji?"

"Dikirani ndizungulire," anayankha mayi Kuroki. "Sanayang'ane kuno."

Nditatsika ndinamvetsa. Kanema sanali kuyang'ana pokhala anthu. Anali atamutembenuzira kukhoma, kumene kunali kakabati kotsegula, m'kati mwake chithunzi cha bambo wa masaya akuluakulu, kambale ka mpunga, ndi lubani wofuka. Nyumba zambiri kumeneko zili ndi kakabati kotero ka omwalira. Kanema woyang'ana komweko ndinamuona kwa mayi Kuroki okha.

"Amuna anga amakonda zanyengo," anatero pothira tiyi. "Mlimi sasiya. Ine ndimaonera cham'mbali, ndinazolowera. Mawa mwana wanga akubwera kudzanditenga, akandisiye kunyumba ya nkhalamba kumzinda. Akuti kumeneko kanema ndi mmodzi, wa onse, ndipo satembenuzidwa."

Pa kapu yachiwiri ndinafunsa funso langa. Ndinali nditalifunsa kambiri moti linkatuluka lokha, ine ndikuyang'ana nsapato zanga pakhomo.

"Wachisanu ndi chinayi," anatero mayi Kuroki.

Ndinatembenuka.

"Amuna anga anali achisanu ndi chitatu. Anabwerako akudandaula kuti palibe adzawakumbukire chifukwa cha mayi wa duku. Kamakina tinagulira tsiku limenelo, ndinajambula ndekha, iwo ali kutauni ndi jekete lobwereka." Anandiyang'anitsitsa. "Anali akazi anu?"

"Anali."

Anagwada pa kakabati kaja, anapepesa chithunzi, n'kutulutsa pansi pake tepi yokulungidwa m'nsalu yofiirira. Anati makina anafa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo chiyambire tepiyo sinaseweredwe.

Ndinatsegula kachivundikiro kake ndi chala. Fungo linandiuza maso asanaone. M'mphepete monse munali chuku choyera, ndipo tepiyo inali itamatirirana. Ndinali nditaonapo zotere. Tepi yotero imadutsa m'makina kamodzi, ikusiya khungu lake pazitsulo, ndipo ikatuluka imakhala kansalu chabe.

"Mayi," ndinatero, "iyi ikangoseweredwa yatha. Amuna anu atha, akazi anga atha. Kumzinda kuli anthu amene amaiumitsa pang'onopang'ono n'kuikopera pa ina. Zimatenga mwezi."

"Mwezi." Anaseka pang'ono, wopanda mano akutsogolo. "Bambo a padenga, ine ndakuonani lero. Ndikupatseni amuna anga mukwere nawo sitima? Mwana wanga wanena kale, sutikesi imodzi ndi chithunzi, zina zonse kudzala. Aimbe m'nyumba mwawo. Kapena makinawo akukanikani?"

Ndikanatha kuchonderera. Ndikanatha kugona pamudzipo, kudikira mwanayo n'kumufotokozera, ndipo mwina akanamva. Ndinali mmisiri, ndinkadziwa choyenera. Koma ndinali nditayenda zaka zambiri, tepi inali m'manja mwanga, makina ali pomwepo pansi pa kanema. M'moyo wanga wonse sindinachitepo chinthu mopupuluma, kupatula tsiku limenelo.

Makinawo anali ndi vuto laling'ono. Kalamba kake kozungulitsa tepi kanali kataduka, ndipo ndinali ndi kena m'chikwama. Ndinapukuta zitsulo, ndinadontheza mafuta. Pofuna kutsimikiza kuti mawu adutsa, ndinalumikiza kabokosi kanga koyesera pakati pa makinawo ndi kanema. Kanali kabokosi kakang'ono, kokhala ndi singano ndi kabatani kopotokola. Mmisiri aliyense akanachita chimodzimodzi.

Dzuwa linali litapendeka, likulowera pawindo la kumadzulo. Mayi Kuroki anayatsa lubani wina, anakhala pambali pa kakabati, manja pamaondo. Ine ndinagwada pafupi ndi makina. Ndinadina batani.

Panabwera mchenga, kenako holo ija, mitundu yake itasuluka ngati chitenje chakale. Oimba ankakwera ndi kutsika. Wachisanu ndi chitatu anali bambo wa masaya akuluakulu, jekete likumuthina m'khwapa. Mayi Kuroki ankayendetsa milomo pamodzi naye. Belu linalira kawiri.

"Mwamva?" anauza chithunzi. "Kawiri. Osati kamodzi monga ankanamira achimwene anu."

Pamenepo ndinaona fumbi lofiirira likugwa pakamwa pa makina, n'kumaunjikana pamphasa. Makinawo anayamba kulira ngati akutafuna. Ndinachita mantha kuti mawu aduka asanafike, ndipo ndinaweramira pa kabokosi kuti ndione ngati akudutsabe. Singano inali itagona pansi. Ndinadikira. Inadumpha mwadzidzidzi mpaka kofiira. Dzanja langa linapotokola. Inatsika, inakweranso, ndinaitsitsanso. Ndinaigwira bwino, sinandipulumuke ngakhale kamodzi, mpaka belu linalira kawiri. M'kati mwa makina china chinati thu.

Ndinakweza maso. Pa kanema panali mchenga.

"Mwawamva?" anafunsa mayi Kuroki.

Ndinayang'ana dzanja langa. Linali likadali pa kabatani.

"Singano sinakhalitse pofiira," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinatulutsa tepi. Inatuluka ikulendewera, yoonekera ngati khungu la anyezi. Ndinaiika pansalu yake, ndinayamba kusesa fumbi lija ndi dzanja, posowa china chochita.

"Ine ndawamva," anatero mayi Kuroki. "Ndinawamva kambirimbiri. Amuna anga akamaliza ndinkanyamuka kuti ndikazimitse, koma ndinkachedwa dala."

Anakonza kukhosi. Mawu awo anali aang'ono, onjenjemera, oti singano sikanawaona n'komwe. Sankadziwa liwu limodzi la Chichewa, ndipo ankawapinda mawuwo monga lilime lawo linkafunira. Komabe ndinawatola onse.

Mvula ya kwathu imagwa yondidziwa,
ya kuno imayamba yandifunsa dzina.
Wanga ali pafupi, maso ali pansi,
ndikweze bwanji kuti andimve?

Atamaliza anapukuta pakamwa ndi kansalu.

"Zaka zonsezi ndimafuna kufunsa munthu. Akunena chiyani?"

"Akunena za mvula," ndinayankha.

"Ndinadziwa. Amuna anga ankati ndi ya chikondi. Ndinkawauza kuti munthu sakuwa choncho chifukwa cha chikondi."

Ndinazula mawaya a kabokosi kaja, ndinakaika m'chikwama, ndinatseka chikwamacho.

"Imbaninso, mayi."

Anaimbanso. Anaimba kanayi, mpaka mawu anawathera, dzuwa litachoka pamphasa.

Mmawa mwake mwana wawo anabwera ndi galimoto yaing'ono. Anali munthu waulemu, wotopa, ndipo anandithokoza pokonza eriyo imene sidzagwiranso ntchito. Mayi Kuroki anakhala kumbuyo, chithunzi chili pamiyendo, atachitembenuzira kuwindo kuti amuna awo aone minda. Ine ndinapinda makwerero n'kutsika chigwacho wapansi.

Mawu a Nankhoma sindinawapeze, ndipo ndinasiya kufunsa pa kapu yachiwiri. Nyimbo ndili nayo, koma ikabwera m'mutu imabwera ndi mawu aang'ono a mayi wopanda mano, opinda Chichewa. Madenga okhala ndi eriyo atsala ochepa, komabe alipo, m'midzi ya nkhalamba. Ndikakwera, ndikagwira mlongoti, ndimaiyesa nyimboyo chapansipansi, popeza kumwambako kulibe khoma. Tsiku lina mphepo inaitsitsira pawindo.

"Mwati bwanji, bambo?" anafunsa mwini nyumba.

"Palibe. Zikuoneka?"

"Mwapitirira," anatero. "Bwererani pang'ono."